Nyale ya M'chipinda cha Aggie

Njinga imene inagunda Aggie inali itasenza nkhuni za paini mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Linali Loweruka masana. Aggie ndi amayi anzake a kwaya ankatsika phiri la Zomba kuchokera ku damu la Mulunguzi kumene anakachita mapemphero, ndipo iye anatsalira m'mbuyo pang'ono kuti agule mastroberi kwa ogulitsa zipatso a m'mbali mwa msewu. Wanjinga uja anakuwa kuti mabuleki aduka, koma mawu ake ndi njingayo zinafikira pamodzi. Aggie anagwa chagada n'kumenyetsa mutu pa tala.

Anagonekedwa m'chipatala kwa masabata angapo. Fupa silinathyoke. Dotolo anauza mwamuna wake, Dan, kuti ubongo unagwedezeka, ndipo kuchira kwake n'kwa pang'onopang'ono. Atabwerera kunyumba kwawo ku Mtiya, bala la kunkhongo linapola msanga, koma maso ake anayamba kudana ndi kuwala. Dzuwa likangolowa pa windo, mutu unkayamba kuwawa kuchokera kuseri kwa diso lamanzere, kenako nseru, kenako kusanza. Mayi amene ankaphunzitsa ana a Sitandade 5 tsiku lonse osatopa, tsopano ankangokhala pa bedi atadziphimba chitenje kumaso.

Dan ankagwira ntchito kwa a zankhalango, ku nazale ya mitengo pamwamba pa phiri. Anali munthu wokonda mawaya. Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, anali ataika kale sola padenga ndi batire pansi pa tebulo la pabalaza, zonse ndi manja ake. Choncho atawona mmene mkazi wake ankavutikira, anakhomera mabulangete m'mawindo a kuchipinda mpaka masana kunkakhala ngati kuphanga. Koma munthu sangakhale mumdima wokhawokha. Aggie ankafuna kuona kapu ya madzi, mankhwala, ndi pamene pali chitseko. Babu la kudenga linali lowala kwambiri. Kandulo inkamununkhira.

Dan anatsikira m'tauni, ku sitolo ya zamagetsi ya a Hassim, n'kugula nyale ya LED, ija yaitali ngati lamba yokhala ndi timababu ting'onoting'ono, yoyendera batire la mavoliti khumi ndi awiri. Anagulanso kabokosi kakuda kokhala ndi chopotokola, kamene amati dima, kochepetsera kuwala. Anamata nyaleyo kuseri kwa wadiropu kuti kuwala kuzigwera pakhoma, ndipo dima anaikhomera pafupi ndi bedi, pamene dzanja la Aggie likanafika. Atamaliza anapukuta manja n'kupotokola pang'onopang'ono. Kuwala kunatsika mpaka kukhala ngati kwa m'bandakucha.

"Amake Ella, tachotsani chitenjecho muone," anatero monyadira. Ella anali mwana wawo mmodzi yekha, amene ankaphunzira ku sekondale yogonera komweko.

Aggie anachotsa chitenje. Anayang'ana khoma kwa kanthawi, kenako anatseka maso mwamphamvu.

"Ikunjenjemera," anatero.

"Chiyani?"

"Nyaleyo. Ikuphethira. Simukuona?"

Dan anayang'ana khoma, anayang'ana nyale, anapita mpaka kuseri kwa wadiropu. Kuwala kunali phee. Anaganiza kuti mwina waya wina sunagwire bwino, ndiye anamasula zonse n'kumanganso. Anayeza batire n'kupeza kuti linali lodzaza. Atayatsanso, Aggie ananena zomwezo.

"Takwezani mpaka kumapeto," anatero Aggie. Dan anakweza. "Eya, apo yaima. Koma ikundiboola maso. Tsitsani." Dan anatsitsa. "Yayambanso."

Masiku otsatirawo zinkangobwerezabwereza. Dan ankanyamuka m'mawa kukwera phiri, n'kubwerera madzulo atatopa, manja ali ndi dothi la m'machubu a mbande, n'kupeza mkazi wake ali mumdima, nyale itazimitsidwa, tiyi atatayikira pansi chifukwa sanaone pamene anaika kapu. Akayatsa, Aggie ankapirira pang'ono, kenako ankagwira mutu. Dan anasintha waya. Anasuntha nyale kuchoka kuseri kwa wadiropu n'kuika pansi pa bedi. Anaiphimba ndi pepala loyera. Palibe chinasintha.

Pa nthawi yomweyo n'kuti kutabwera Felista, mchemwali wake wa Dan, kuchokera ku Domasi kudzathandiza ntchito za pakhomo. Felista anali wolimbikira. Ankachapa, kuphika, kumusambitsa mlamu wakeyo popanda kudandaula. Koma analinso munthu wosasunga mawu m'kamwa. Tsiku lina Dan akutsuka njinga yake yamoto kuseri kwa nyumba, Felista anabwera n'kuima pafupi atanyamula beseni.

"Achimwene, ine ndalowa m'chipindamo kambirimbiri. Nyale ija ndaiyang'ana mpaka maso kutuluka misozi. Siigwedezeka."

"Inenso ndikudziwa."

"Ndiye alamuwa akuona chiyani? Munthu akamaona zimene anzake sakuona, si za kuchipatala zimenezo. Pa amayi onse aja anatsika phiri, bwanji njinga inasankha iwo okha? Kusukulu kwawo kuja si paja ankati awakweza kukhala achiwiri kwa ahedi? Anthu samakondwa, achimwene."

Dan anamuuza kuti asiye nkhani zoterozo, koma mawuwo anamukhala m'mutu. Iye sankakhulupirira kwambiri za ufiti. Chimene chinkamuopsa chinali china: kuti mwina mutu wa mkazi wake unawonongeka kuposa mmene dotolo ananenera. Ankakumbukira bambo wina amene ankagwira naye ntchito, amene anagweredwa ndi nthambi, n'kuchira bwinobwino, koma patapita miyezi anayamba kuyankhula ndi mitengo. Dan akamadzaza dothi m'machubu, maganizo ake ankangozungulira pomwepo.

Lamulungu lina masana, atabwera kutchalitchi, anapeza Aggie akufufuza mapilisi ake pansi ndi manja. Botolo linali litagwa mumdima. Dan anayatsa nyale n'kuitsitsa. Aggie anati, "Zimitsani, chonde."

"Mupeza bwanji mankhwala mumdima?"

"Ndipeza. Zimitsani. Ikundizunguza."

Dan anali ndi njala, anali atatopa, ndipo anthu kutchalitchi anali atamufunsa mafunso ambiri. Anayankha mokweza kuposa mmene ankafunira.

"Amake Ella, nyale iyi ilibe vuto. Ine ndaiyeza, achemwali aiona, aneba aiona. Tonsefe tingakhale akhungu? Vutoli lili m'mutu mwanumo. Muvomereze kuti tikuthandizeni."

Aggie anapitiriza kutola mapilisi limodzilimodzi, maso ali chitsekere. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso za nyale. Dan akayatsa, iye ankangotembenukira kukhoma.

Felista atapempha kuti abweretse mneneri wina wa ku tchalitchi chake kuti adzapemphere, Dan sanavomere, komanso sanakane. Anangoti, "Muona inuyo," n'kukwera njinga yake. Mneneriyo anabwera Lachitatu m'mawa ndi amayi awiri. Anayatsa nyale ija n'kuitsitsa kuti aone nkhope ya wodwalayo, anamuuza kuti atsegule maso aiyang'ane n'kunena kuti yaima. Aggie atakana, anayamba kupemphera mokuwa, akuwomba m'manja, mmodzi atamugwira mutu pomwe panali bala paja. Aggie anasanza pa bedi. Ataimirira kuti athawe anagwa pafupi ndi chitseko.

Dan atafika madzulo anapeza Felista atakhala pa khonde, maso atafiira.

"Apita," anatero. "Anaimbira foni a Elvis. Abwera ndi galimoto n'kuwatenga. Ine sindinafune zoipa, achimwene. Mulungu ndi mboni."

Elvis anali mchimwene wake wa Aggie, amene ankakhala kwa Chinamwali ndi banja lake. Dan anamuimbira nthawi yomweyo. Elvis anayankha mwaulemu koma mozizira. Anati wodwalayo wagona, ndipo wapempha kuti asasokonezedwe. Anatinso, "Alamu, munthu wovulala m'mutu mumamusiyira anthu okuwa? Ndipo nyale imene akuti ikumudwalitsayo simungaichotse?"

"Nyale ija ilibe vuto," anatero Dan. Elvis anadula foni.

Dan anakwiya, ndipo mkwiyowo ndi umene unamutsitsira m'tauni Loweruka. Anamasula dima pakhoma, anatenga nyale ija n'kuikulunga m'jumbo. Ankafuna kuti akaziyeze ku sitolo komwe anagula, kuti akapita kwa Chinamwali akanene molimba mtima kuti ngakhale eni ake a katundu anena kuti zili bwino.

A Hassim anali atapita ku mzikiti. Pa kauntala panali mwana wawo wamkazi, Zarina, amene anaphunzira zamagetsi ndipo ndiye ankayendetsa mbali ya masola. Dan anakhutula jumbo n'kufotokoza mwachidule. Anati mkazi wake anavulala m'mutu ndipo akuona zinthu zimene kulibe.

"Akuti ikutani kwenikweni?" anafunsa Zarina.

"Akuti ikunjenjemera."

"Nthawi zonse?"

Dan anaganiza pang'ono. "Ayi. Ndikakweza mpaka kumapeto akuti yaima. Ndikatsitsa akuti yayamba."

Zarina anasiya zimene ankachita. Anatenga batire pansi pa kauntala, analumikiza dima ndi nyale, n'kuuza Dan kuti abwere kuseri kumene kunali kamdima pakati pa makatoni. Anatsitsa kuwala. Kwa Dan kunali phee ngati kunyumba kuja.

"Mwaona?" anatero. "Palibe chilichonse."

"Muli ndi foni ya kamera? Tatsegulani muloze apa."

Dan analoza foni pa nyaleyo. Pa galasi la foni panaoneka mizere yakuda, yaikuluikulu, ikuyenda kutsika pansi mosalekeza ngati madzi pa mathithi. Anachotsa foni n'kuyang'ana ndi maso. Phee. Analozanso. Mizere.

"Foni yanga ndi yakale," anatero ndi mawu otsika.

Zarina sanatsutse. Anapotokola dima mpaka kumapeto, ndipo mizere ija inatha. Anatsitsanso, inabwerera, yakuda kwambiri kuposa poyamba. Kenako anatenga bolopeni n'kuigwedeza mofulumira kutsogolo kwa nyaleyo. M'malo mooneka ngati chinthu chimodzi chikuyenda, Dan anaona mabolopeni ambiri ataima mondondozana ngati mano a chipeso.

"Bambo, kabokosi aka sikachepetsa mphamvu ya magetsi ayi," anatero Zarina. "Kamazimitsa nyale n'kuiyatsanso, kuzimitsa, kuyatsa, mofulumira kwambiri, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mukatsitsa, nthawi yozima imatalika, yoyaka imafupika, ndiye diso limasakaniza ziwirizo n'kuona ngati kuwala kwachepa. Mukakweza mpaka kumapeto sikazimitsanso, n'chifukwa chake mayiwo akuti yaima. Timababu ta LED sitili ngati mababu akale aja a kawaya kotentha, amene ankachedwa kuzirala. Iti tikazima timazimiratu pomwepo."

"Nanga ine bwanji sindikuona?"

"Anthu ambiri saona. Inenso sindiona. Koma mtundu uwu umaphethira mochedwerapo poyerekeza ndi ina, ndipo pali anthu amene maso awo amazigwira, makamaka odwala mutu waching'alang'ala kapena amene anavulala m'mutu. Ena saona n'komwe, amangomva mutu ndi nseru. Ine si dotolo, za matendawo mukafunse kuchipatala. Koma zoti ikuphethira, mayiwo sakunama. Mukanandiuza kuti ndi ya wodwala sindikanalola kuti mutenge imeneyi."

Dan anakhala pa katoni. Anafunsa ngati pali chochita. Zarina anati pali ma dima ena ophethira mofulumira kwambiri moti ngakhale kamera siigwira, ndipo pali enanso amene sazimitsa n'komwe, amangochepetsa magetsi olowa mu timababu monga mmene munthu amachepetsera madzi pa mpope. Anati wa mtundu wachiwiriwo ndi umene ungamuyenere wodwala, ngakhale kuti sutsika kwambiri ndipo mtundu wa kuwala umasinthako pang'ono. Analibe m'sitolomo, koma akanatha kuitanitsa ku Blantyre. Dan anamuuza kuti aitanitse. Ankayang'anabe nyale ija, imene kwa iye inali chiyimire.

Sanapite kunyumba. Anasiya njinga yamoto kwa mnzake wa pa msika n'kukwera minibasi ya kwa Chinamwali, chifukwa sanafune kuyendetsa maganizo ali kutali.

Anapeza Elvis akukonza mpanda. Anapatsana moni mwachidule. Elvis anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako analoza kuseri kwa nyumba. Aggie anali atakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mapeyala, pamthunzi wandiweyani, atavala magalasi akuda ndi chipewa chachikulu cha mkazi wa Elvis. Anali ataonda. Ankasenda nandolo pang'onopang'ono, osayang'ana m'mbale.

Dan anakhala pa njerwa chapatali. Anafunsa za mutu. Aggie anati uli chomwecho. Kenako Dan anafotokoza zonse, za Zarina, za foni, za mizere yakuda ndi bolopeni. Anayankhula mofulumira, akusonyeza ndi manja mmene kabokosi kaja kamazimitsira ndi kuyatsa. Anatulutsa foni kuti amuonetse kanema amene anajambula.

"Musandionetse," anatero Aggie. "Ine ndinaiona kale."

Dan anabweza foni m'thumba.

"Munali olondola, amake Ella. Ndaitanitsa ina. Ikafika ndiika, ndipo mudzaona nokha kuti..."

"Bambo ake Ella," anamudula mawu, mosakweza. "Ndakhala nanu zaka zonsezi. Ndinayamba ndakunamizanipo? Ndinakuuzani tsiku loyamba. Ndinakuuzaninso kuti mukakweza imaima. Mwana wa a Hassim mwamuuza mawu anga omwewo, iye wamva nthawi yomweyo. Inu munafunika foni."

"Ndinkaopa," anatero Dan. "Ndinkaopa kuti mutu wanu..."

"Inenso ndinkaopa. Mukudziwa zimene ndinkachita mukapita kuntchito? Ndinkayatsa ndekha nyale ija n'kudzikakamiza kuiyang'ana, n'kumadziuza kuti Aggie, siikugwedezeka, amuna ako anena. Ndinkayang'ana mpaka kusanza. Ndinafika povomera kuti ndapenga. Ndinayamba kuganiza kuti Ella akadzabwera pa holide adzapeza mayi wamisala, ndipo ndibwino ndichoke asanandione. Ndafika kuno, akazi a achimwene andiika m'chipinda chopanda nyale ija, m'mawa mwake ndadzuka osasanza. Apo m'pamene ndinadziwa kuti nzeru zanga zilipo."

Nkhuku inabwera n'kujompha khoko la nandolo pafupi ndi phazi la Dan, ndipo iye anangoiyang'ana.

"Achemwali anga akupepesa," anatero Dan. "Abwerera ku Domasi mawa."

"Alamu anga a Felista anachita zimene amadziwa. Anandisambitsa ngati mwana wawo, sindingaiwale. Koma anthu aja analowa m'chipinda chathu chifukwa mwini nyumba sanakane."

Dan anaweramitsa mutu. Anafunsa ngati angabwerere kunyumba dima yatsopano ikafika. Aggie anasenda nandolo zingapo asanayankhe.

"Ikani. Ndidzabwera kudzaiona. Za kubwerera sindikudziwa panopa. Mutu ukuwawabe, ndipo ndikaganiza za chipinda chija mtima umathamanga."

Anavula magalasi pang'ono, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuwavalanso.

"Lachiwiri ndikupita kukaonana ndi dotolo. Ulendo watha uja munkayankha ndinu mafunso onse, ine ndili pompo. Munati ndikupeza bwino. Ngati mukufuna kubwera, bwerani, koma mukakhale chete. Ndikafotokoza ndekha."

"Ndibwera," anatero Dan.

Dima yatsopano inafika patapita sabata ndi masiku. Dan anaiika, anachotsa bulangete limodzi pa windo n'kuikapo katani yopyapyala monga dotolo analangizira, popeza anati mdima wokhawokha nawonso umachedwetsa maso kuzolowera. Aggie anabwera ndi Elvis Lamulungu masana. Analowa m'chipinda, anapotokola yekha, n'kuyang'ana khoma nthawi yaitali.

"Iyi yaima," anatero.

Koma sanagone. Anatenga malaya ake awiri ndi Baibulo n'kubwerera kwa Chinamwali. Anadzabwerera ku Mtiya mvula yoyamba itagwa, Ella atatsekera sukulu. Chaka chimenecho sanathe kuyambiranso kuphunzitsa, ndipo udindo umene ankayembekezera uja anapatsidwa wina. Mutu unkamuwawabe masiku ena, makamaka akapita kumsika dzuwa litakwera.

Pakhomo ankayankhulana bwinobwino, za chakudya, za mayeso a Ella, za denga lodontha. Koma Dan anazindikira kuti mkazi wake akamva kupweteka sankamuuzanso. Ankadziwira pa mbale zosatsukidwa, kapena pomupeza atagwira m'mphepete mwa tebulo. Akafunsa, Aggie ankangoti, "Ndili bwino," n'kulowa kuchipinda, n'kuimbira foni mchimwene wake.